Bambo adwala sitiroko koma adokotala akukamba za mtima. Troponin n'chiyani?

MwanaWachisamba
Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi nkhawa, amene mumadziwa za chipatala chonde ndimasulireni. Bambo anga, a zaka 71, anagwa Lachiwiri m'mawa. Anali kumanga mabatani a malaya, kenaka dzanja lamanzere linangoti lende, pakamwa n'kupotoka, mawu osamveka bwino. Tinathamangira nawo kuchipatala, anawajambula mutu n'kutiuza kuti ndi sitiroko yotsekeka mtsempha, osati yophulika. Mpaka apo ndinamva. Koma dzulo pa raundi adokotala anayang'ana pepala la zotsatira za magazi n'kuuza anzawo kuti troponin yakwera, yafika 46, ndiye ayezenso. Nditafunsa anangoti "mtima nawonso ukudandaula," n'kupita pa bedi lina. Usiku ndafufuza pa intaneti, paliponse akuti troponin ndi ya heart attack. Kwina alemba kuti odwala sitiroko amene troponin yawo yakwera amamwalira msanga. Tulo sindinationa. Bambo sanadandaulepo chifuwa ngakhale kamodzi. Kodi adwala matenda awiri nthawi imodzi? Kapena vuto linali mtima poyamba, achipatala n'kuphonya?

GogoWaAtatu
Pepani mwanangu. Mulungu awakhudze bambo anu. Inunso muzipumako, wodwazika akagwa ndiye zimavuta kawiri.

NamwinoWaUsiku
Achemwali, khazikani mtima pansi kaye. Ndagwira ntchito mu wodi ya odwala sitiroko zaka zambiri ndipo pepala ngati limenelo ndimaliona pafupifupi sabata iliyonse. Ambiri mwa odwalawo sakhala ndi heart attack. Kuyezanso kumene anena adokotalako ndiye koyenera.

WakuLabu
Musanapite patali, taonaninso pepalalo. Alemba troponin T kapena I? Nanga pambali pa 46 pali zilembo zanji, ndipo malire alemba angati? Nambala yokhayokha siuza munthu kanthu chifukwa makina amasiyana.

MwanaWachisamba
@WakuLabu alemba hs-cTnT 46 ng/L, ndipo pambali pali <14.

WakuLabu
Chabwino. Troponin ndi puloteni imene imakhala mkati mwa minofu, ntchito yake ndi kuthandiza mnofu kukokana kashiamu akalowa. Anaitulukira ndi Setsuro Ebashi wa ku Japan m'zaka za m'ma 1960. Ili ndi zigawo zitatu, C, I ndi T, ndipo I ndi T za mumtima n'zosiyana ndi za m'minofu ya m'manja kapena m'miyendo. N'chifukwa chake tikazipeza zochuluka m'magazi timadziwa kuti zadontha kuchokera ku maselo a mtima amene avulala. Zilembo za hs zikutanthauza makina atsopano amene amagwira ngakhale kadontho kochepetsetsa. Malire a 14 aja anawapeza poyeza anthu athanzi: mwa anthu 100 alionse, 99 amakhala pansi pake. Ndiye 46 ndi yokwera ndithu, kuposa malire katatu, koma pa heart attack yaikulu timaona mahandiredi kapena masauzande. Chimene labu singakuuzeni ndi chimene chavulaza mtimawo. Ife timangoona utsi, moto wake amakaufuna ndi adokotala.

DokoWaUbongo
Mayi, funso lanu ndi labwino ndipo munayenera kuyankhidwa pa bedi pomwepo. Ndiyesa kufotokoza.

Madokotala timasiyanitsa zinthu ziwiri. Kuvulala kwa mnofu wa mtima ndi pamene troponin yadutsa malire, basi. Heart attack ndi pamene kuvulalako kwabwera chifukwa mnofuwo wasowa magazi, ndipo pamafunika umboni wina: kupweteka pachifuwa, kusintha kwa ECG (kuyeza kumene kumajambula magetsi a mtima), kapena chithunzi choonetsa kuti chigawo china cha mtima chaleka kukokana. Umu ndi mmene mabungwe a madokotala a mtima anagwirizanirana mu 2018.

Tsono kwa wodwala sitiroko troponin imakwera pa zifukwa zingapo. China n'chakuti mtimawo unali wotopa kale. Munthu wa zaka 71 amene wakhala ndi BP nthawi yaitali, kapena impso zake zafooka, kapena mtima unakula, akhoza kukhala ndi troponin ya 30 kapena 40 chaka chonse osadziwa. Sitiroko yangochititsa kuti ayezedwe.

China, chimene anthu ambiri sachidziwa, n'chakuti ubongo womwewo umavulaza mtima. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kobisika kotchedwa insula, kamene kamathandiza kuongolera kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Kamadyetsedwa ndi mtsempha womwe umatsekeka kawirikawiri pa sitiroko. Kakavulala, mitsempha yotumiza mauthenga kumtima imasokonekera, ndipo adrenaline ndi noradrenaline, timadzi ta m'thupi timene timathamangitsa mtima, zimakhuthukira pa mnofu wa mtima mopyola muyeso. Maselo amakokana osamasukanso, ena n'kufa, pamene mitsempha ya magazi ya mtimawo ili yotseguka bwinobwino. Kafukufuku wojambula ubongo wasonyeza kuti izi zimachitika kwambiri insula ya kumanja ikakhudzidwa. Bambo anu afooka kumanzere, kutanthauza kuti sitiroko ili kumanja kwa ubongo. Sindinaone sikani yawo ndiye sindingagamule, koma mukhoza kufunsa ngati insula yakhudzidwa. Mu 2018 gulu la Jan Scheitz ku Berlin linapatsa zonsezi dzina lakuti stroke-heart syndrome.

Ndiye pali chachitatu, heart attack yeniyeni. Imachitika, sindikubisirani.

Tiyanjane_K
Ndiye ngati pafupifupi aliyense wa sitiroko imakwera, kuyezako n'kwa chiyani? Kungoopseza anthu basi. Taonani mayiwa sanagone.

DokoWaUbongo
@Tiyanjane_K si aliyense. Mu 2009 Kerr ndi anzake anasonkhanitsa makafukufuku 15 n'kupeza kuti inali yokwera mwa odwala 18 pa 100 alionse. Amenewo anali makina akale. Ndi makina atsopanowa imapezeka mwa 30 mpaka 60 pa 100, kutengera gulu la odwala. Phindu lake n'lakuti imatilozera wodwala amene tiyenera kumuyang'anitsitsa.

MtimaNdiMoyo
Ine ndimagwira ku mbali ya mtima, ndipo ndikufuna kutsutsanako pang'ono ndi anzanga a ubongo. Zimene mwafotokozazo n'zoona, koma mawu akuti "ndi sitiroko chabe yachititsa" agonetsa madokotala ambiri tulo. Wodwala sitiroko si wodalirika pa nkhani ya kupweteka pachifuwa. Wina satha kulankhula, wina ali mtulo, wina sakuzindikira mbali imodzi ya thupi lake, wina ali ndi shuga amene anapha kale kumva ululu. Ndiye kunena kuti sanadandaule chifuwa sikutichotsera nkhawa.

Ku chipatala cha Charité ku Berlin anachita kafukufuku wotchedwa TRELAS, anatuluka mu 2016. Anatenga odwala sitiroko 29 amene troponin yawo inali yokwera n'kujambula mitsempha ya mtima. Mwa 7 anapeza mtsempha umene unali utangowonongeka kumene. Anthu amakonda kutchula kafukufukuyu pofuna kunena kuti ambiri alibe, pakuti mwa odwala mtima amene anawayerekeza nawo anapeza 23 mwa 29. Ine ndimaona mbali inayo: 7 mwa 29 ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi. Kenaka kunabwera PRAISE mu 2024, wochitikira m'zipatala zambiri za ku Germany, odwala pafupifupi 250, ndipo mmodzi mwa asanu anapezeka ndi heart attack yochokera pa kuwonongeka kwa mtsempha wa mtima. Amenewo si ochepa.

DokoWaUbongo
@MtimaNdiMoyo sindikukana. Koma tinenenso kuti amene amalowa m'makafukufuku ojambula mitsempha amakhala osankhidwa, si aliyense wa mu wodi. Ndipo mukudziwa chimene chimationjeza ife. Tikangothamangira mankhwala a heart attack, heparin ndi ena awiri oletsa magazi kuundana, ubongo umene wangovulala kumene ukhoza kukha magazi.

MtimaNdiMoyo
Pamenepo tikugwirizana. Sindikunena kuti apatsidwe heparin, ndikunena kuti afufuzidwe. ECG ibwerezedwe, echo (sikani yoona mmene mtima ukukokanira) ichitike, ndipo wa mtima adzamuone wodwalayo ndi maso.

Chisoni_M
Nkhani ya heparin mwaitchulayi yandikumbutsa mayi anga. Anagonekedwa ndi sitiroko zaka zinayi zapitazo. Usiku woyamba dokotala amene anali pa ntchito anaona troponin yokwera, n'kulemba jakisoni wa pamimba kawiri pa tsiku, wa mlingo wa heart attack. Sanadikire kuyezanso, sanafunse wa ubongo. Tsiku lachitatu ndikuwapukuta kumaso ndinaona diso limodzi kamwana kake katakula kuposa linzake, ndipo sankadzukanso ndikawaitana. Sikani inaonetsa magazi pamalo pomwe panali sitiroko paja. Anakhala masiku asanu n'kutisiya. Ndinauzidwa kuti sitiroko yaikulu imatha kukha magazi yokha popanda mankhwala, ndipo mwina n'zoona. Koma mpaka lero ndimadzifunsa. Achemwali, funsani dzina la mankhwala alionse amene akuwapatsa bambo, ndi chifukwa chake. Musachite manyazi.

NamwinoWaUsiku
Pepani kwambiri @Chisoni_M. Ndiwonjezere chimodzi kuti ena asachite mantha ndi jakisoni aliyense wa pamimba. Pali wa mlingo wochepa, kamodzi pa tsiku, woteteza magazi kuundana m'miyendo ya munthu amene wagona osayenda. Ameneyo ndi wina. Funsani kuti ndi wa mlingo uti.

GogoWaAtatu
Zoti ubongo umavulaza mtima ine ndazikhulupirira. Mchemwali wanga amuna ake atamwalira, tsiku lotsatira anagwa akugwira pachifuwa. Kuchipatala anati heart attack, koma atajambula anapeza mitsempha yonse ili bwino. Patatha mwezi mtima unabwerera mwakale.

MtimaNdiMoyo
Agogo, zimene mwafotokozazo zikufanana ndi takotsubo. Anaifotokoza koyamba ku Japan mu 1990. Dzinali ndi la mphika umene asodzi a kumeneko amakolera octopus, chifukwa pa chithunzi mtima umaoneka wofufuma kumunsi, wothina kukhosi, ngati mphikawo. Imagwira kwambiri amayi amene anasiya kusamba, pambuyo pa chisoni chachikulu kapena matenda aakulu, sitiroko ndi imodzi mwa iwo. Ambiri amachira m'masabata ochepa, ngakhale masiku oyambawo amakhala oopsa.

Tiyanjane_K
Ndiye akuluakulu akamati wafa ndi chisoni sankanama.

MkamwiniWaPhee
Ine funso langa ndi lina. Ndimamwa mankhwala a BP, koma ndikayeza n'kupeza ili bwino ndimasiya kaye sabata imodzi kapena ziwiri. Kodi troponin yangayo ingakwere?

NamwinoWaUsiku
Achimwene, ili bwino chifukwa cha mankhwalawo. Mabedi a mu wodi yathu adzaza ndi anthu amene ankasiya kaye. Yambiraninso lero, ndipo ngati akukuvutani kaonaneni ndi dokotala akusinthireni.

WophunziraUdotolo
Pepani ndibwezeretse nkhani. Adokotala, tinaphunzira kuti troponin iyezedwe kwa wodwala sitiroko aliyense akangofika. Nanga ikatuluka yokwera, alteplase, mankhwala osungunula magazi oundana amene atseka mtsempha, timapereka kapena timaimika?

DokoWaUbongo
Simudikira n'komwe. Malangizo a American Heart Association ndi American Stroke Association a 2019 amati troponin ndi ECG zitengedwe poyamba, koma zisachedwetse alteplase kapena kuchotsa chotsekacho ndi kawaya. Choyezedwa m'magazi chimene chiyenera kudziwika kwa aliyense musanapereke ndi shuga, chifukwa shuga wotsika amanamizira sitiroko. Pa alteplase kawirikawiri muli ndi maola 4.5 okha kuchokera pamene sitiroko yayamba, ndipo Jeffrey Saver anawerengera mu 2006 kuti mtsempha waukulu ukatsekeka maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni amafa mphindi iliyonse. Ngakhale wodwala atakhala ndi sitiroko ndi heart attack nthawi imodzi, malangizo omwewo amalola alteplase pa mlingo wa sitiroko, 0.9 mg pa kilogalamu osapyola 90 mg, kenaka a mtima n'kutsegula mtsempha wawo.

Koma samalani ndi awiri awa. Wodwala amene ali ndi ululu wong'amba pachifuwa kapena kumsana, BP yosiyana m'manja awiri, ganizirani kung'ambika kwa mtsempha waukulu wa aorta. Wodwala wotentha thupi amene mtima wake ukumveka phokoso lachilendo, ganizirani tizilombo pa mavavu a mtima. Onsewa amabweretsa sitiroko ndi troponin yokwera, ndipo alteplase ikhoza kuwapha.

MwanaWachisamba
Zikomo nonse, ndikuwerenga ndili pambali pa bedi. Koma palibe amene wandiyankha chimene chinandisowetsa tulo. Kodi n'zoona kuti amamwalira msanga? Ndiuzeni zoona, ndine wamkulu m'banja ndipo azing'ono anga akundifunsa.

DokoWaUbongo
Mayi, n'zoona kuti pali mgwirizano. M'kusonkhanitsa kwa Kerr kuja, amene troponin yawo inali yokwera anali ndi chiopsezo cha imfa chokwera pafupifupi katatu. Makafukufuku a pambuyo pake apezanso kuti ambiri a iwo amatsala ndi ulumali wokulirapo pakatha miyezi itatu. Mbali ina ya zimenezi n'chifukwa chakuti amakhala okalamba, a sitiroko yaikulu, a impso zofooka. Koma ngakhale ofufuza akachotsera zimenezo mgwirizano umatsalabe, ndiye troponin ikunena kanthu kakekake.

Tsono mvetsani bwino. Troponin si imene imapha, ndipo palibe mankhwala oitsitsa kuti munthu achire. Ndiponso katatu ka chiopsezo chaching'ono si chimodzimodzi ndi katatu ka chiopsezo chachikulu. Chimene chimalosera kwambiri za bambo anu ndi kukula kwa sitiroko. Funsani kuti NIHSS yawo ndi ingati. Ndi sikelo yoyambira pa 0 kufika 42, ndipo munthu wa 6 ali kutali kwambiri ndi wa 20, ngakhale troponin yawo itafanana. Zimene zimatenga odwala m'masabata oyamba ndi kutupa kwa ubongo, chibayo chobwera ndi kutsamwa, magazi oundana m'miyendo, ndi mavuto a mtima. Zambiri mwa izi zimapeweka kapena kugwidwa msanga, ndipo pepala lija lapangitsa kuti mtima wa bambo anu uyang'aniridwe kuposa wa mnzawo wa pa bedi loyandikana.

Wopulumuka2019
Ine ndine umboni. Sitiroko inandigwira ndili ndi zaka 58, troponin inali yokwera, mkazi wanga analira ngati maliro achitika kale. Anandiika kamakina pachifuwa masiku atatu, usiku wachiwiri kanagwira mtima ukugunda mosalongosoka kwa mphindi zochepa. Ine sindinamve kalikonse. Lero ndimayenda ndi ndodo, dzanja limagwira kapu. Mafizo, masewera olimbitsa ziwalo a kuchipatala, ndi amene anandidzutsa, musawanyozere.

MtimaNdiMoyo
Zimene anena @Wopulumuka2019 ndi atrial fibrillation, ndipo ndi chifukwa china chachikulu chimene timayezera troponin. Zipinda za pamwamba za mtima zimangonjenjemera m'malo mokokana, magazi amadikha n'kuundana, kachidutswa n'kuthothoka kupita ku ubongo. Imachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu. Imabwera n'kupita, ndiye ECG ya masekondi 10 ikhoza kuiphonya. Odwala a troponin yokwera amapezeka nayo kawirikawiri kuposa ena. Ikapezeka mankhwala amasintha, asipirini sakwanira, pamafunika warfarin kapena atsopano monga apixaban ndi rivaroxaban. Koma kungopereka mankhwalawa mongoganizira, isanapezeke, anayesa m'makafukufuku a NAVIGATE ESUS ndi RE-SPECT ESUS ndipo sanapose asipirini.

Tiyanjane_K
Chabwino, ndavomera kuti kuyeza kuli ndi ntchito. Koma ndikuumirirabe kuti dokotala amene amanena "mtima ukudandaula" n'kuchokapo walakwa. Mphindi ziwiri zikanakwana.

NamwinoWaUsiku
Pamenepo sindikutsutsani. Raundi imathamanga, koma wodwazika ali ndi ufulu wopempha nthawi. Achemwali, lembani mafunso papepala, raundi ikatha muwatsatire adokotala pakhomo la wodi. Mukhozanso kutuma ife anamwino.

MwanaWachisamba
Ndabweranso. Ndinachita zimene munanena, ndinalemba mafunso asanu. Lero anabwera adokotala ena achizimayi ndipo anakhala pansi n'kundifotokozera. Troponin yachiwiri yatuluka 49. NIHSS akuti ndi 9. Impso zafookako pang'ono, mwina kuyambira kale. ECG yoyamba inalibe chizindikiro cha heart attack, koma kamakina kamene anawaika dzulo kagwira atrial fibrillation mbandakucha. Echo achita mawa. Heparin wa mlingo waukulu sakuwapatsa, @Chisoni_M ndinafunsa ndendende mmene munanenera.

Chimene chikundipweteka n'chakuti ndikaima kumanzere kwa bedi bambo sandiona. Ndimawaitana, amatembenukira kumanja kukandifuna. M'mawa uno ndinanyamula dzanja lawo lamanzere kuti ndilipukute, anandifunsa kuti dzanjali ndi la ndani.

WakuLabu
Kuchoka pa 46 kufika 49 ndi kusintha kosakwana 20 pa 100. Ife timati yaima. Kawirikawiri zimaloza ku mtima umene wakhala ukuvutika kwa nthawi, osati umene wavulala dzulo.

MtimaNdiMoyo
N'zolimbikitsa, koma echo ichitikebe. Mu PRAISE muja anadabwa kupeza kuti kukwera kapena kutsika kwa troponin sikunathandize kusiyanitsa amene anali ndi heart attack. Chimene chinathandizako ndi kukula kwa nambala yoyamba, makamaka ikaposa malire kasanu. Ya bambo anu sinafike pamenepo. Mawa funsani ngati pali chigawo cha mtima chimene sichikukokana, komanso ngati muli magazi oundana mkati.

DokoWaUbongo
Zosaona kumanzerezo ndi za sitiroko ya kumanja kwa ubongo. Maso awo ali bwino, ubongo ndi umene waleka kusamala za mbali imeneyo, ndipo kwa ambiri zimachepa m'masabata ndi miyezi. Uzani a mafizo. Pocheza nawo muziyamba kumanja kuti akuoneni, kenaka muzisuntha pang'onopang'ono kupita kumanzere akukutsatirani ndi maso. Muziwagwiritsa dzanja lamanzerelo ndi lamanja lawo. Mankhwala a atrial fibrillation musadabwe akachedwa kuyamba. Tsiku loyambira limatengera kukula kwa bala la mu ubongo, laling'ono m'masiku oyambirira, lalikulu amadikira sabata kapena kuposa, nthawi zina atajambulanso mutu.

GogoWaAtatu
Mwadya kanthu lero mwanangu?

MwanaWachisamba
Ndadya agogo, mng'ono wanga wabwera kudzandilandira usiku uno. Adokotala, ndayesa zija madzulo ano. Ndinayamba kumanja, n'kumasuntha pang'onopang'ono ndikuwalankhula. Ananditsatira mpaka kumiyendo kwa bedi, kenaka ananditaya. Mawa ndiyesanso echo isanachitike.